Mukugula makoma, dothi ndi la boma

Mlamu wanga atagula nyumba yake yoyamba ku Cuamba anatiphera nkhuku. Nyumbayo inali ya njerwa zootcha, malata atsopano, mtengo wa mango pakhomo. Titasamba m'manja ndinapempha kuona mapepala. Anatulutsa kapepala kamodzi kothothola m'kope, kosainidwa ndi wogulitsa ndi mlembi wa bairro. Basi.

Nsima inandiwawa. Ku Mozambique kuno dothi siligulitsidwa. Lamulo la malo la 1997 limati nthaka yonse ndi ya boma, munthu amangopatsidwa ufulu wogwiritsa ntchito malowo, uja timangouti DUAT. Chimene mumagula ndi nyumba, ndipo m'tauni ufulu wa malo umatsata nyumbayo ikalembetsedwa bwino m'dzina lanu. Kapepala ka mlembi ndi umboni woti ndalama zinaperekedwa, koma sikalowa m'malo mwa kaundula wa nyumba. Pofufuza mapepalawa, ku Cuamba ndi ku Mandimba yambirani ku khonsolo. Ku Ngauma, pitani ku boma ku Massangulo.

Tili chikhalire, sitima ya malasha a ku Moatize inadutsa kulowera ku Nacala, makapu n'kuyamba kuvina patebulo. Ndinatuluka n'kuwerenga mapazi kuchokera ku njanji. Lamulo lomwelo limateteza mamita 50 mbali zonse za njanji, mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu ngati uwu wa ku Lichinga, ndi makilomita awiri kutsata malire a dziko. M'malo amenewa DUAT sapereka, koma chilolezo chapadera. Inu a ku Mandimba, amene mumaoloka kukagula sopo pa Chiponde, izi zikukhudzani. Mlamu anapulumukira mkamwa mwa mbuzi: mapazi anga anapitirira pang'ono.

Chimene chinam'gwetsa ndi china. Nyumbayo inali ya malemu, ndipo amene anaigulitsa ndi mwana mmodzi, alongo ake ndi mwinimbumba osadziwa. Kuno mawu a kuchikazi salumphidwa. Mlandu unatha chaka, mlamu n'kuwonjezera mametikali ena kuti abalewo aziziritse mtima.

Nyumba musaione mu Ogasiti mokha, kukauma paliponse pamaoneka bwino. Bwereraninso mu Febuluwale muone kumene madzi amadzera ndi kumene chimbudzi chimathera. Ndipo musanatulutse ndalama, funsani neba wachikulire kuti mwini wake weniweni ndani.