Mafuta ochititsa dzanzi pochotsa cheya ndi laser ndi mankhwala, si zodzola wamba

Lilongwe, Mana: Anthu ofuna kuchotsa ndevu, cheya cha m'miyendo kapena tsitsi la m'khwapa pogwiritsa ntchito makina a laser akuyenera kudziwa kuti mafuta omwe amapakidwa pofuna kuchepetsa ululu pa ntchitoyi ndi mankhwala amphamvu, ndipo adaphetsapo anthu kaamba kopakidwa mopyola muyeso.

Mankhwala omwe amapezeka kawirikawiri m'mafutawa ndi lidocaine, amene achipatala m'dziko muno amawatchulanso kuti lignocaine. Si achilendo. Ndi omwe aja munthu amabayidwa akamazulidwa dzino, akamasokedwa bala kapena pa mdulidwe wa abambo. Kusiyana kwake n'kwakuti kuchipatala mlingo amayeza ndi dokotala, pomwe mafuta a m'chubu munthu amatha kudzipaka yekha kunyumba mmene wafunira.

Makina a laser, omwe adayamba kugwiritsidwa ntchito yochotsa cheya m'zaka za m'ma 1990, amatulutsa kuwala kwamphamvu komwe kumayamwidwa ndi melanin, chinthu chomwe chimadetsa tsitsi ndi khungu. Kuwalako kukalowa m'tsitsi kumasanduka kutentha, ndipo kutenthako kumawononga muzu. N'chifukwa chake makinawa sachita kanthu pa imvi. Komanso ntchitoyi siitha tsiku limodzi. Munthu amabwerera kangapo, pakumapita masabata, popeza kuwalako kumangopha mizu ya tsitsi lomwe likukula pa nthawiyo. Abambo ena amafuna njirayi osati chifukwa cha maonekedwe okha, koma kaamba ka tiziphuphu towawa totuluka m'khosi akameta ndi lezala, vuto lomwe limasautsa kwambiri anthu a tsitsi lopotana.

Apa mpamene pali nkhani yokhudza Amalawi mwapadera. Khungu lakuda lili ndi melanin wambiri, choncho nalonso limayamwa kuwala kuja n'kutentha. Makina akakhala osayenera kapena akatcheredwa mphamvu yopitirira, munthu amapsa, kutuluka matuza, ndipo pamatsala zipsera kapena mawanga omwe amatenga miyezi kuti azimirire. Akatswiri a khungu amalimbikitsa makina a mtundu wa Nd:YAG pa khungu lakuda chifukwa kuwala kwake kumalowa mozama osayamwidwa kwambiri ndi khungu la pamwamba.

Tsono chomwe chimayamba kuchenjeza kuti khungu likupsa ndi ululu. Munthu akafuula kuti kwatentha, wogwira makina amaima n'kuchepetsa mphamvu. Wadzanzi safuula. Amadzazindikira kuti wapsa atafika kale kunyumba, mankhwala atatha mphamvu.

Ngozi yachiwiri, yomwe ndi yaikulu, imachokera m'mafutamo. Mu February 2007, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku America la Food and Drug Administration, lomwe limadziwika kuti FDA, lidatulutsa chenjezo litalandira malipoti a imfa za amayi awiri a zaka 22 ndi 25. Onsewa adapaka mafuta ochititsa dzanzi m'miyendo pokonzekera kukachotsa cheya ndi laser, kenako adakulunga miyendoyo ndi pulasitiki kuti mankhwala alowerere. Onse adagwa ngati akhunyu, adakomoka, ndipo sadatsitsimukenso. Wa zaka 22, yemwe adali wophunzira ku North Carolina, adadwalikira m'galimoto ali pa ulendo wopita komwe amakachotsa cheyacho, ndipo adamwalira mu January 2005.

Chomwe chimachitika n'chakuti mankhwalawa sakhalira pakhungu pokha. Amalowa m'magazi, ndipo amalowa ochuluka ngati apakidwa malo aakulu, ngati akhalitsa, ngati pali zilonda kapena pangometedwa kumene, komanso ngati paphimbidwa ndi pulasitiki yomwe imasunga kutentha ndi chinyezi. Akachuluka m'magazi amasokoneza ubongo ndi kagundidwe ka mtima. Khungu lomwe lapyapyala chifukwa cha mafuta oyeretsa nkhope nalo limalowetsa mankhwala mosavuta.

Mu March 2024, bungwe la FDA lidabwerezanso chenjezoli pa mafuta ogulitsidwa popanda chikalata cha dokotala. Lidalangiza anthu kuti asagwiritse ntchito mafuta otere okhala ndi lidocaine woposa magawo 4 pa 100 aliwonse, asapake malo aakulu kapena pakhungu lotupa, ndiponso asakulunge ndi pulasitiki.

Nkhani ya wophunzira wa ku North Carolina uja ndi yofunika kuilingalira bwino kwa anthu okhala kunja kwa mzinda wa Lilongwe. Makina a laser sapezeka m'zipatala zazing'ono za kumidzi. Mphunzitsi, mlangizi wa zaulimi kapena wapolisi wogwira ntchito ku Mitundu, Nathenje kapena kufupi ndi mtsinje wa Diamphwe, m'malire a Lilongwe ndi Dedza, ayenera kupita m'tauni. Mafuta odziwika bwino a EMLA, omwe ali ndi lidocaine ndi prilocaine wa magawo 2.5 pa 100 aliyense, amafuna pafupifupi ola limodzi kuti agwire ntchito. Choncho n'zosavuta kuti munthu aganize zopakiratu kunyumba kuti akangofika ayambepo.

Koma ola limodzi la pa chikalata cha mankhwala silo ola la minibasi. Pali kudikira kuti idzaze, kuima paliponse mu msewu wa M1 kapena wa ku Bunda, ndi kutentha kwa mu October. Nthawi yonseyi mankhwala amakhala akulowa m'magazi, munthu ali kutali ndi thandizo.

Zizindikiro zoyamba ndi dzanzi m'milomo ndi lilime, kulira kwa m'makutu, chizungulire, kuona zinthu mwachimbuuzi ndi kusokonezeka mutu. Mankhwala a prilocaine amathanso kulepheretsa magazi kunyamula mpweya wabwino, ndipo milomo ndi zikhadabo zimasintha mtundu munthu n'kumabanika. Zikatere achotse pulasitiki, apukute mafuta onse, atsuke ndi madzi ndi sopo, ndipo atengeredwe ku chipatala chapafupi monga cha Mitundu kapena Nathenje, atanyamula chubu cha mafutawo kuti achipatala aone dzina ndi mphamvu yake. Wodwala kwambiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central.

M'dziko muno udindo wovomereza mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa uli m'manja mwa bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, lomwe lidalowa m'malo mwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board potsatira lamulo la 2019, pomwe bungwe la Medical Council of Malawi ndilo limalembetsa madokotala ndi zipatala zomwe si za boma. Mafuta opanda dzina la kampani, opanda mlingo wolembedwa, kapena ongoitanitsa pa Facebook ndi WhatsApp, palibe angatsimikize zomwe zili m'kati mwake.

Anthu ambiri amapirira laser popanda mafutawa, chifukwa makina amakono amaziziritsa khungu pomwe akugwira ntchito, ndipo nsalu yozizira imathandiza. Komwe mafuta afunikadi, monga pa mlomo wa m'mwamba kapena m'khwapa, apakidwe pa malo ochepa, ndi wachipatala, munthu atafika kale pamalopo, ndipo ayambe ayesa makina pa kachigawo kakang'ono ka khungu losapakidwa kanthu.