Malole Amene Sanaime pa Nthaŵi ya Mliri

Pa 23 Malichi 2020 sukulu zonse m'Malaŵi zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo pa 1 Epulo ndege zonyamula anthu zinaleka kutera. Koma ife a ku Kasinje tinaona kuti pa msewu wa M5, wochoka ku Balaka kunka ku Salima, malole sanaleke kulira usana ndi usiku.

Ana athu ayenera kudziŵa chifukwa chake. Dziko lathu lilibe doko la panyanja yamchere. Mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'chipatala zimadzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Zipata za Mwanza, Dedza ndi Songwe zikadatsekeratu, chigayo chikadazima, ambulansi nayo ikadagona pabwalo. N'chifukwa chake pa 6 Epulo 2020 nduna za maiko a SADC zinagwirizana kuti magalimoto onyamula katundu wofunika pa moyo azidutsa malire, ngakhale anthu ena ambiri analetsedwa kudutsa malirewo.

Chilolezocho sichinali mtendere kwa madalaivala. Ambiri anagona masiku angapo pachipata podikira kuyezedwa, chakudya chili chosoŵa, pogona pali m'galimoto momwemo. Atafika m'misika yathu, ena a ife tinkawathaŵa ngati ndiwo mliriwo, chikhalirecho mchere umene tinkathira m'ndiwo unabwera ndi iwo omwewo. Kunyumba kwawo akazi ndi ana ankawadikira ndi mitima iŵiri: kuwalakalaka, ndi kuopa chimene angabwere nacho.