Kodi mumadziwa? Kachitsulo kodyeka m'malo mwa boti

Kunsi kwa maboti achitsulo ndi pa injini zake amamangirira timibulu ta zinki, totchedwa anodi. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi amchere, pamayenda mphamvu yochepa ya magetsi, ndipo chimodzi chimayamba kudyeka. Zinki ndiye amadyeka msanga, motero pulopela ndi thupi la boti zimapulumuka.

Nzeruyi anaiyesa Humphry Davy mu 1824 pa sitima zankhondo za ku Britain zokutidwa ndi kopa.

Kadyekedwe kake n'kowerengeka: magetsi okwana ampere imodzi akamayenda chaka chathunthu amatha zinki pafupifupi makilogalamu 11. Madzi ofunda, amchere wambiri, penti yokanganuka kapena magetsi otayika padoko zimafulumizitsa kuthako. Amakaniko amalangiza kusintha anodi ikatha theka. Koma yoopsa kwambiri ndi anodi yooneka yatsopano patapita chaka: imeneyo sikugwira ntchito, mwina anaipaka penti kapena sikukhudza bwino chitsulo.

M'madzi opanda mchere, monga a m'nyanja ya Malawi, zinki amachita chikhungwa choyera n'kuleka kuteteza. Kumeneko anodi yoyenera ndi ya magnesium.