Nkhondo ya papepala imafuna malo, si tebulo la pabalaza

Anthu akamva kuti ndimakonza ndi kuseweretsa masewera a nkhondo a pamapu, ambiri amaganiza za drafuti kapena tchesi. Ena amayamba afunsa ngati pamakhala kubetcha. Kubetcha palibe, ndipo bolodi lathu silingakwane pa tebulo lodyera. Kuno ku Selous, pakati pa Norton ndi Chegutu, timaliyala m'shedi yosankhiramo fodya, malonda akatha, mbewu yatsopano isanalowe.

Masewerawa ali chonchi. Pamakhala mapu a dziko lenileni, mitsinje, mapiri ndi njanji zili m'malo mwake. Pamwamba pake pamalembedwa timabokosi ta ngodya 6, tolumikizana ngati zisa za njuchi, kuti mtunda uziwerengeka mofanana mbali iliyonse imene wapita. Asilikali ndi timakatoni ting'onoting'ono tolembedwa manambala: mphamvu zawo, ndi timabokosi timene angayende pa ulendo umodzi. Magulu awiri akakumana, mumawerenga mphamvu, n'kuona ngati wina ali paphiri kapena patsidya pa mtsinje, kenako mumaponya dayisi n'kuwerenga zotsatira pa tchati. Dayisi si mwini masewera. Amangoimira zimene mkulu wa nkhondo sangazilamule, monga mvula, malungo, kapena mthenga amene wasochera.

Anayambitsa zimenezi ndi asilikali enieni. Mu 1824 Georg von Reisswitz anaonetsa akuluakulu a nkhondo a ku Prussia masewera otchedwa Kriegsspiel, a pamapu enieni, mbali ina yofiira ina yabuluu, woweruza ali pakati. Asilikali anawatenga ngati maphunziro. Anthu wamba anadzawapeza m'masitolo patapita zaka zoposa 100, makamaka kudzera ku kampani ya Avalon Hill ya ku America. Kenako mapu anayamba kukula. Mu 1979 kampani ya SPI inatulutsa The Campaign for North Africa, ya Richard Berg, ya mapu otalika pafupifupi mamita 3. Imafuna anthu 10, mbali iliyonse 5, ndipo akuti kuimaliza yonse kumatenga maola 1,500. Mwa anthu 5 aja, mmodzi ntchito yake ndi chakudya, madzi ndi mafuta basi. Muli ngakhale lamulo loti petulo wa Angerezi azitha msanga chifukwa zitini zawo zinali zodontha.

Ndiye funso limene ndimalandira kawirikawiri ndi lakuti, mapu otere mumawaika pati?

Vuto si kutalika. Vuto ndi mkono. Munthu wamkulu akawerama pa tebulo amafika masentimita 70 kapena kupitirira pang'ono. Tebulo likaposa mita imodzi ndi theka m'lifupi, pakati pake sipafikika, ndipo wofuna kusuntha kakatoni ka pakatipo amakokolola ndi malaya asilikali a m'mphepete. Njira yoyamba ndi kudula mapu pawiri, n'kuwaika pa matebulo awiri, kanjira kali pakati. Podula muzisankha pamene nkhondo siichitika kwambiri, monga panyanja.

Njira yachiwiri ndi khoma. Mumakhomera chitsulo chosalala, n'kumatapo mapu, ndipo kakatoni kalikonse mumakaika kamagineti kumsana. Ubwino wake malo sawonongeka, ana ndi nkhuku safikapo, ndipo masewera angathe kukhala pomwepo miyezi. Koma chitsulocho muyambe mwachiyesa ndi magineti musanagule, chifukwa aluminiyamu sagwira. Komanso timakatoni tikasanjikizana tambiri m'kabokosi kamodzi, tapamwamba timagwa. Ine khoma ndimalikonda poonetsa ndi pophunzitsa, osati posewera nkhondo yothithikana.

Ife tinasankha pansi, chifukwa simenti ya m'shedi ndi yosalala ndipo malo ndi ambiri. Pansi pali adani ake. Chiswe chimadya pepala usiku umodzi wokha, choncho timayamba tayala pulasitiki wakuda, kenako mathabwa opyapyala, mapu pamwamba. Pamwamba pa mapu timaikapo pulasitiki wolimba woonekera. Ameneyu amaphwetsa makwinya a pepala, amatchinga fumbi, ndipo mungathe kulembapo ndi cholembera chofufutika. Mphepo ya mu Ogasiti ndi yoopsa kuposa chiswe: chitseko chikangotseguka, gulu lonse la nkhondo lauluka. Nsapato zimatsala pakhomo. Ndipo tsiku likatha, wina amajambula chigawo chilichonse pa foni, winanso amalemba manambala a timabokosi m'kope, kuti sabata yamawa pasakhale mkangano.

Kusewera anthu ambiri pa bwalo limodzi lalitali si zachilendo kwa ife. M'makomboni a m'mafamu muno, azigogo athu ochokera ku Nyasaland ndi ku Mozambique ankakumba maenje a ntchuwa pansi, mizere 4, anzawo Achishona n'kumati tsoro. Mizere ikatalika kwambiri, munthu mmodzi sakanatha kufika ku mathero, ndiye ankagawana: uyu akafika pamene mkono wake wathera, amapatsira mnzake miyala kuti apitirize. Ife timachita chimodzimodzi. Aliyense ali ndi chigawo chake cha mapu, ndipo mkulu wa mbali iliyonse amakhala patali, n'kumatumiza malamulo olemba pa kapepala. Saloledwa kukuwa. Akulu ena amene anakulira pa ntchuwa amagwira zimenezi msanga kuposa anyamata a pa foni, chifukwa kuwerengeratu patsogolo anakuzolowera.

Nanga bwanji osangochepetsa mapuwo? Pa kompyuta pali pulogalamu yotchedwa Vassal imene imanyamula masewera aakulu ambiri, ndipo ndimaigwiritsa ntchito. Koma pa galasi la kompyuta umaona kachigawo kokha. Chimene mapu aakulu amaphunzitsa ndi mtunda, ndipo mtunda umamveka ukamayenda ndi miyendo kuchoka ku ngodya ina kupita ku inzake.

Mapu athu tinajambula tokha, a nkhondo ya kum'mawa kwa Africa ya 1914 mpaka 1918. Sentimita imodzi ikuimira makilomita 5. Kuchoka ku Kilimanjaro kukafika kufupi ndi Quelimane, kumene asilikali a Ajeremani otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck anafika mu 1918, pamatenga mamita oposa 3. Nkhondoyi ndi yathu. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani pa nyanja ya Malawi. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho anamenyana ku Karonga. Frederick Selous, amene dera lino linatengera dzina lake, anaphedwa pa nkhondo yomweyi pa 4 Januwale 1917, ku Behobeho, kufupi ndi mtsinje wa Rufiji. Ndipo amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anatengedwa kukhala amtengatenga, ambiri mokakamizidwa.

Amtengatengawo ndiwo mtima wa masewera athu. Lamulo limene tinaika ndi losavuta: munthu mmodzi amasenza makilogalamu 25, ndipo amadya kilogalamu imodzi patsiku kuchokera pa katundu yemweyo, popita ndi pobwerera. Werengani nokha. Ulendo wa masiku 5 kupita, 5 kubwerera, asilikali amalandira makilogalamu 15. Ukafika masiku 12 kupita, 12 kubwerera, mtengatenga wadya pafupifupi zonse zimene wasenza. Pa mapu ang'onoang'ono zimenezi sizioneka, mumangosuntha gulu la nkhondo ngati likuuluka. Pa mapu athu wosewera amaona mzere wa timakatoni ta amtengatenga ukutalika kuchoka kunyanja ya Malawi kulowera kum'mawa, kupitirira kutalika kwa mkono wake, ndipo nthawi ya mvula ikafika, dayisi amachotsapo ena chifukwa cha kamwazi ndi njala. Tinagwirizana kuti timakatoni timeneti tisamabwezedwe m'bokosi. Timatiunjika pambali pa mapu pamene aliyense akutiona, ndipo muluwo umaposa kutali wa asilikali ophedwa ndi zipolopolo. M'mbiri yeniyeni zinalinso choncho.

Wosewera mbali ya Angerezi amayamba ndi asilikali ochuluka, n'kumaganiza kuti amaliza msanga. Posakhalitsa amazindikira kuti gulu lililonse limene wawonjezera kutsogolo likufuna anthu enanso mazanamazana kumbuyo. Mnzake wa mbali ya Ajeremani samenya kwambiri. Amangoyenda, kuwoloka mtsinje wa Rovuma monga zinachitikira mu Novembala 1917, kulanda nkhokwe za Apwitikizi, n'kubwereranso kumpoto. Lettow-Vorbeck weniweni anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918, patatha masabata awiri nkhondo ya ku Ulaya itatha.

Pakadali pano tikujambula chigawo cha kumadzulo, cha Northern Rhodesia, kumene katundu ankachoka pa njanji ku Ndola n'kuwoloka madambo a Bangweulu pa mabwato kulowera ku Kasama. Chimafuna malamulo atsopano a opalasa bwato, komanso mita ina ya malo pansi. Zikatero nyanja ya Malawi idzakhala pakati pa mapu, ndipo m'pamene tidzadule kanjira kodutsamo osewera.