MWANA WOLUMALA SABISIDWA M'NYUMBA: KUMENE MAKOLO ANGAPEZE NZERU NDI CHITHANDIZO

ULÓNGUÈ — Nthawi yopalira mudzi umatsala zii. Akulu ali kumunda, ana ena ali kusukulu, ena ali kudambo ndi ng'ombe. Koma mukadutsa pafupi ndi nyumba zina ku Dómuè, ku Tsangano kapena ku Furancungo, mumamva kamawu m'kati, pomwe chitseko ndi chomanga ndi luzi. Ameneyo ndi mwana amene sayenda, kapena samva, kapena amagwa khunyu. Amake sadamutsekere chifukwa cha nkhanza ayi. Akuopa moto, akuopa chitsime, akuopa pakamwa pa anthu, ndipo palibe adawauzapo chimene angachite.

Kalembera wa mu 2017 adapeza anthu olumala opitirira 700,000 m'dziko lathu la Moçambique, ndipo pakati pawo pali ana. Nzeru zolerera ana otere zilipo, zidalembedwa kale. Vuto ndi lakuti zambiri zili m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi, ndipo zimathera m'maofesi. Lero tikufuna kuuza makolo zimene angawerenge, ndi makomo amene angagogode.

BUKU LOYAMBA LILI KALE M'NYUMBA MWANU

Buku loyamba ndi khadi la kusikelo, limene achipatala amalitcha Cartão de Saúde da Criança. Musalione ngati pepala la katemera chabe. Likusonyeza ngati mwana akukwera sikelo kapena akutsika, ndipo ndilo namwino amayamba kuyang'ana mukafika ndi dandaulo.

Ana sakula mofanana, koma pali malire amene kholo lililonse liyenera kudziwa. Ngati mwana wafika miyezi 4 khosi lisadalimbe, miyezi 9 asadakhale pansi yekha, miyezi 18 asadayende, kapena zaka 2 asadatchule mawu, pitani naye kuchipatala. Chimodzimodzi ngati satembenuka mukamuitana kapena mukaomba m'manja kumbuyo kwake. Musadikire kuti adzayamba yekha. Uzani anamwino zonse, ndipo funsani ngati angamulembe ku Consulta da Criança em Risco, kumene amaona kawirikawiri ana ofuna chisamaliro chapadera.

Pambali pa khadi sungani kope limodzi la mwanayo. Muzilembamo tsiku limene wagwa, mankhwala amene wamwa, zimene adokotala anena, ndi chinthu chatsopano chimene waphunzira, ngakhale kugwira sipuni chabe. Ngati simudziwa kulemba, akulembereni mwana wa sukulu. Achipatala amasinthidwa, koma kope lanu silisinthidwa.

MABUKU OLEMBEDWERA ANTHU A KUMUDZI

Buku lalikulu pa nkhani imeneyi ndi Disabled Village Children, limene David Werner adalemba ndipo lidatuluka mu 1987. Iye adagwira ntchito zaka zambiri m'midzi ya m'mapiri a ku Mexico, kumene chipatala chinali kutali monga kuno kwathu. Bukuli lili ndi masamba opitirira 600 ndi zithunzi zojambula pamanja zambirimbiri, kotero kuti ngakhale wosadziwa Chingerezi amatolapo kanthu. Likusonyeza mmene mungaongolere miyendo ndi manja a mwana tsiku ndi tsiku kuti zisakhwinyate, mmene mungakhomere mitengo iwiri yopingasa pabwalo kuti aziphunzira kuyenda atagwirira, ndi mmene mmisiri wa matabwa angapangire kampando kochirikiza msana ndi mutu. Lidamasuliridwa m'Chipwitikizi ku Brasil, pa dzina lakuti Guia de Deficiências e Reabilitação Simplificada.

Werner yemweyo ndiye adalemba buku lija ambiri amalidziwa, Onde Não Há Médico. Mu 2009 lidatulukanso litakonzedwa poganizira matenda ndi zipatala za kuno ku Moçambique, ndipo m'Chichewa limatchedwa Pamene Palibe Dokotala. Ngakhale si la ana olumala okha, lili ndi malangizo a khunyu, malungo, makutu otuluka mafinya ndi kunyentchera, zimene zimapundula ana zikalekereredwa.

Bungwe la Hesperian, limene limasindikiza mabuku amenewa, lidatulutsanso awiri ena a makolo: Helping Children Who Are Blind mu 2000, la ana osaona, ndi Helping Children Who Are Deaf mu 2004, la ana osamva. Bungweli limalola anthu kuwerenga mabuku ake ambiri pa intaneti popanda kulipira. Nalo bungwe loona zaumoyo padziko lonse, OMS, lidatulutsa mu 1989 buku la Training in the Community for People with Disabilities, logawidwa m'timabuku ting'onoting'ono tophunzitsira achibale.

Tikudziwa kuti mabuku amenewa sagulitsidwa pamsika wa Ulónguè kapena wa Calómuè. Koma sikofunika kuti banja lililonse likhale ndi lake. M'mudzi mulimo mphunzitsi, katekisiti, mkulu wa mpingo kapena mnyamata wokhala ndi foni. Mupempheni apeze mutu umodzi wokha wokhudza vuto la mwana wanu, auwerenge, akumasulireni, inu mulembe m'kope muja. Makolo atatu kapena anayi akasonkhana Lamulungu masana, mutu umodzi womwewo uthandiza mabanja onse. Safunsa adadya phula.

ZITATU ZOFUNIKA KUDZIWA LERO LOMWE

Poyembekeza kupeza mabukuwo, nazi nzeru zitatu zimene achipatala amaphunzitsa.

Choyamba, khunyu si matenda opatsirana. Simungalitenge pogwira mwana, kapena malovu ake, kapena podya naye mbale imodzi. Nthawi zina limayamba mwana akadwala malungo aakulu ofika kubongo, kapena akavutika pobadwa. Akagwa, muchotseni pafupi ndi moto kapena madzi, mugonekeni cham'mbali, ndipo musaike sipuni, chala kapena mankhwala m'kamwa mwake. Akapitirira mphindi 5 akuphupha, thamangirani naye kuchipatala. Mankhwala monga fenobarbital ndi carbamazepina amaletsa kugwa kwa ana ambiri, koma afunika kumwa tsiku lililonse. Kusiya mwadzidzidzi ndi koopsa.

Chachiwiri, mwana wobadwa ndi phazi lopindikira m'kati, limene Chipwitikizi chimati pé boto, angathe kudzayenda bwinobwino. Pa njira yotchedwa Ponseti, achipatala amaongola phazilo pang'onopang'ono ndi kulimanga pulasitala amene amasinthidwa sabata ndi sabata, kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Pambuyo pake mwana amavala tinsapato tolumikizidwa ndi kachitsulo, makamaka pogona, kufikira zaka 4 kapena 5. Zimayenda bwino mukayamba mwana akadali wakhanda.

Chachitatu, mwana wosamva si chitsiru. Nzeru ali nazo, chimene akusowa ndi chilankhulo. Yambani msanga kulankhula naye ndi manja: chizindikiro cha madzi, cha nsima, cha amayi, cha kupweteka. Banja lonse lizigwiritsa zizindikiro zomwezo, ndipo polankhula naye muzimuyang'ana kumaso pamalo owala.

MAKOMO OGOGODA

Khomo loyamba ndi chipatala chimene muli nacho pafupi. Athandizi a zaumoyo a m'mudzi, amene tidazolowera kuwatchula a APE, angakulozereni njira. Vuto likakula, pemphani kalata yokutumizani ku chipatala chachikulu monga Hospital Rural de Ulónguè kapena Hospital Provincial de Tete, ndipo mukafunse za fisioterapia, ndiko kuphunzitsa thupi kugwira ntchito. Muonetsetse mmene akuchitira, pakuti ntchito yaikulu mudzaichita ndinu kunyumba.

Khomo lachiwiri ndi la Acção Social, ku ofesi ya boma yoona zaumoyo, amayi ndi chisamaliro cha anthu. Bungwe la INAS lili ndi thandizo lotchedwa Subsídio Social Básico, ndalama zoperekedwa kwa mabanja osauka a okalamba, odwala matenda okhalitsa ndi olumala. Ndalamazo ndi zochepa ndipo nthawi zina zimachedwa, komabe ndi bwino kufunsa a permanente a m'dera lanu. Kalembetseni mwana ku Registo Civil kuti akhale ndi chikalata cha kubadwa, chifukwa popanda icho makomo ambiri savuta kutsekeka.

Khomo lachitatu ndi sukulu. Kuyambira mu 1998 Unduna wa Maphunziro udayamba ndondomeko ya Escolas Inclusivas, yakuti ana olumala aziphunzira limodzi ndi anzawo. Lamulo la maphunziro la mu 2018 likuti mwana aliyense aphunzire kufikira kalasi 9. Gawo 37 la Malamulo Aakulu a dziko likunena kuti olumala ali ndi ufulu wonse monga nzika zina. Mu 2012 dziko lathu lidavomereza pangano la Nações Unidas la ufulu wa anthu olumala, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo lowateteza. Tsono sukulu ikakana mwana chifukwa cha ulumali, pitani ku ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Mukafunsenso za Centro de Recursos de Educação Inclusiva ya mumzinda wa Tete, imodzi mwa malo atatu otere m'dziko muno; ena ali ku Macia ndi ku Anchilo. Kwa ana osaona, ku Beira kuli sukulu yophunzitsa zilembo zogwira ndi zala za Braille.

Khomo lachinayi ndi mabungwe a eni ake olumala: ADEMO ya olumala osiyanasiyana, ACAMO ya osaona, ASUMO ya osamva, ndi FAMOD imene imawasonkhanitsa. Kumeneko kholo limaona munthu wamkulu wolumala wokwatira, wogwira ntchito, ndipo mtima umakhala pansi. Ngati mwana akumenyedwa, kugwiriridwa kapena kumangidwa, imbani 116, Linha Fala Criança, popanda kulipira.

ZA TSIDYA LA MALIRE

Ambiri a ife tidaphunzira kuwerenga Chichewa ku Malawi pa nthawi ya nkhondo imene idatha mu 1992, ndipo achibale athu ali ku Dedza, ku Ntcheu ndi ku Mwanza. Kumeneko kuli mabungwe monga MACODA, imene kale inkatchedwa MACOHA, ndi la makolo a ana olumala, PODCAM. Pepala lililonse la Chichewa limene wachibale angabweretse ndi lothandiza. Chenjezo ndi lakuti chilankhulo cha manja chimene amaphunzitsa ku Malawi, monga pa sukulu ya ana osamva ya ku Mua, ndi chosiyana ndi cha kuno, Língua de Sinais Moçambicana. Ndiponso mwana akalandira mankhwala tsidya lija, lembani dzina lake m'kope kuti asamwe kawiri mankhwala amodzi.

Tikumaliza ndi abambo. Mwana wa zaka 6 amene sayenda ndi wolemera, ndipo msana wa amake wokha sungafike naye ku Ulónguè mwezi ndi mwezi. Njinga imene imanyamula mbatata ndi makala inyamulenso mwanayo. Mafumu, anyakwawa ndi akulu a mipingo nawo aleke kulola kuti mayi azinenedwa ufiti kapena kuthamangitsidwa pabanja chifukwa wabala mwana wolumala. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe. Mawa popita kumunda, masulani luzi lija, muyale mphasa pakhonde pamene anzake amasewera, mupemphe agogo kapena mnansi amuyang'anire. Sabata ino lisadathe, tengani khadi ndi kope, mugogode khomo loyamba.