Nyumba Ndi Yanga, Nanga Cilolezo Ncaciani?

M'caka ca 1996 Boma linayamba kugulitsa nyumba zake ndi za makhonsolo kwa anthu amene anali kukhalamo, ndipo mabanja ambiri olipira lendi anasanduka eni nyumba. Lero ana akula, adzukulu abadwa, nyumba zija zacepa. Bambo afuna kuonjezera cipinda, mai afuna kutseka khonde kuti likhale kasitolo. Koma iwo amene nyumba zao ziri m'madera akale, monga pakati pa mzinda wa Livingstone, amauzidwa kuti ayambe apita ku khonsolo. Apa ambiri a ife timadandaula kuti: nyumba ndi yanga, nanga cilolezo ncaciani?

Tiyeni tikumbuke mmene Livingstone anayambira. Azungu oyamba anakhala pa Old Drift, m'mphepete mwa Zambezi, kumene malungo anapha ambiri. Mlatho wa pa mathithi a Mosi-oa-Tunya utatha mu 1905, anthu anasamukira kumtunda, ndipo mzinda watsopano unakula m'mbali mwa njanji. Kuyambira 1911 kufikira 1935 Livingstone ndiye anali likulu la Northern Rhodesia, likululo lisanasamukire ku Lusaka. Nyumba zambiri za masiku amenewo zikali ciriri, ndi makonde ao otakasuka, madenga a malata ndi zipupa zazitali.

Malamulo awiri amakhudza nyumba zotere. Lamulo la 1989, limene linakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission, linaika nyumba zomangidwa pasanafike pa 1 January 1924 m'gulu la cuma cakale ca dziko, cimene munthu sangasinthe kapena kugwetsa popanda cilolezo colembedwa ca bungwelo. Lamulo la 2015 la kamangidwe ka mizinda ndi madera limafuna kuti aliyense wofuna kumanga kapena kusintha nyumba kwakukulu apereke mapulani ake kwa oyang'anira za kamangidwe. Womanga mobisa angathe kuimitsidwa, ngakhale kulamulidwa kugwetsa cimene wamanga. Ndalama zonse za njerwa ndi simenti zimangolowa m'madzi.

Kodi oona mapulaniwo amayang'ana ciani? Amaona ngati cipinda catsopano cidzaphimba nkhope ya nyumba, ngati denga lidzasintha maonekedwe, ngati cipupa cogwetsedwaco sindico cimene casenza mitanda, ndiponso ngati mnansi sadzatsekeredwa mphepo ndi kuwala. Zimenezi zimateteza banja lomwe. Amisiri akale anamanga khonde kuti dzuwa la October lisawombe cipupa, ndipo anakweza denga kuti mpweya wotentha uzikwera pamwamba. Tikatseka khonde ndi njerwa, nyumba imasanduka ng'anjo. Ndiponso nyumba zambiri zakale zinamangidwa ndi njerwa zofewa, zogwirizitsa ndi dothi kapena laimu. Tikazimata ndi simenti yolimba, cinyezi cimasowa potulukira, ndipo njerwa zimafumbwa mkati ife osadziwa. Akulu anati safunsa anadya phula.

Ena amanena kuti: tisungirenji nyumba za atsamunda, pamene makolo athu sanali kuloledwa kukhalamo? Funso limeneli ndi lolemera, pakuti nzoona kuti anthu akuda anali kukhala padera, m'makomboni monga Maramba. Koma tisaiwale kuti manja amene anaumba njerwazo, kusenza mitanda ndi kukhoma malata anali a makolo athu omwewo. Mwana amene aona ndi maso ake kusiyana kwa nyumba za kumayadi ndi za kukomboni amamvetsa cifukwa cake tinafuna ufulu wa 1964. Kuonjezera apo, alendo odzaona mathithi amakondanso kuyenda m'miseu yakale, ndipo ndalama zimene amasiya zimadyetsa mabanja a oyendetsa mataksi, osema ziboliboli ndi ogwira nchito m'nyumba za alendo.

Komabe udindo suli pa eni nyumba okha. Nyumba ndi pokhala anthu, ndipo banja la ana asanu ndi mmodzi silingagone m'zipinda ziwiri cifukwa cakuti mazenera ndi okongola. Khonsolo imene isunga mapulani a munthu miyezi yambirimbiri osayankha ndiyo imaphunzitsa anthu kumanga usiku. Akuluakulu a m'maofesi ayenera kuyankha msanga, kufotokoza zifukwa zao m'cinenero cimene mwini nyumba amva, ndi kuweruza wolemera ndi wosauka ndi muyeso umodzi. Pokana pempho, asonyezenso njira ina, monga kumanga cipinda catsopano kuseri, kumene sicibisa nkhope ya nyumba.

Tsono ife tisanagule thumba la simenti ngakhale limodzi, tiyambe tafufuza caka cimene nyumba yathu inamangidwa. Tijambule zithunzi za mmene iriri, tipeze wodziwa kulemba mapulani, tikambirane ndi anansi, ndipo tipereke pempho lathu molemba ndi kusunga makalata onse. Ngati tikanizidwa popanda cifukwa comveka, lamulo limatipatsa mpata wocita apilo. Kudikira yankho kumatopetsa, koma cipupa ca zaka 100 cikagwa palibe mmisiri amene angacibwezere mmene cinaliri, ndipo adzukulu athu adzangocimvera m'nkhani.