Mzere wa kuchipatala si wa kuchigayo

Mwadzuka tambala woyamba, mwana kumsana, mwayenda maola awiri. Pofika pachipatala chaching'ono cha m'dera lanu mwapeza mabenchi adzaza kale, ena akhala pansi pamtengo. Chitseko cha chipinda cha adokotala chikadali chotseka. Dzuwa lafika paliwombo musanaitanidwe, ndipo mutalowa simunakhalemo ngakhale mphindi zisanu. Pobwerera kunyumba mukung'ung'udza kuti kuonana ndi dokotala masiku ano n'kovuta.

Simukunama ayi. Ine ndine mmodzi wa anthu amene timakhala kuseri kwa chitsekocho. Ndine clinical officer, ndipo zaka zambiri za ntchito yanga ndathera m'zipatala zing'onozing'ono. Lero ndifotokoza chimene chimachedwetsa mzere, komanso chinthu chimodzi chimene ndimafunitsitsa kholo lililonse litadziwa: pali matenda amene sayenera kudikira pamzere, ndipo woyamba kulankhula ndinu.

Tsiku lina Lolemba, m'nyengo ya dzinja, mayi wina adalowa m'chipinda changa cha m'ma 1 koloko masana ndi mwana wa miyezi isanu ndi itatu. Atamuvundukula ndidaona nthiti zikulowa m'kati akamapuma. Nditawerenga, ankapuma maulendo oposa 70 pamphindi imodzi, ndipo adali atasiya kuyamwa chiyambire usiku. Chidali chibayo chachikulu. Mayiyo adafika 6 koloko m'mawa. Nditawafunsa chifukwa chimene sadanenere msanga, adayankha kuti amaopa anzawo anena kuti akulowerera mzere. Ambulansi idabwera madzulo. Mwanayo adakhala masiku angapo pampweya kuchipatala chaboma, ndipo mwamwayi adachira. Si ana onse amene amakhala ndi mwayi wotere.

Kodi amene mumamutcha dokotala ndani?

Pachipatala chaching'ono si kawirikawiri kupezapo dokotala amene adaphunzira digiri ya udokotala. Amene amakuonani nthawi zambiri ndi medical assistant, yemwe amaphunzira zaka ziwiri, kapena clinical officer, yemwe amaphunzira zaka zitatu kenako n'kugwira ntchito chaka chimodzi moyang'aniridwa. Ambiri a ife tidadzera ku Malawi College of Health Sciences, sukulu imene ili ndi nthambi ku Lilongwe, Blantyre ndi Zomba. Palinso anamwino ndi azamba, amene m'malo ena ndiwo amasenza ntchito yonse.

Izi zili chonchi chifukwa madokotala ndi ochepa. Dziko lino lidayamba kuphunzitsa madokotala ake mu 1991 pomwe College of Medicine idatsegulidwa ku Blantyre. Sukuluyi tsopano ili m'gulu la Kamuzu University of Health Sciences. Mpaka lero, mukagawa madokotala ku chiwerengero cha Amalawi, amene kalembera wa 2018 adapeza kuti alipo oposa 17.5 miliyoni, sitifika ngakhale dokotala mmodzi pa anthu 10,000 alionse. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pamafunika madokotala, anamwino ndi azamba pafupifupi 45 pa anthu 10,000 alionse. Ife tikadali kutali kwambiri.

Koma musaone ngati mwalandira thandizo loperewera. Malungo, chibayo, kutsegula m'mimba, zilonda, matenda opatsirana pogonana ndi ena ambiri amene amabweretsa anthu kuchipatala, medical assistant ndi clinical officer adaphunzira kuwazindikira ndi kuwachiza. Adaphunziranso kudziwa matenda amene awakulira kuti awatumize patsogolo.

N'chifukwa chiyani mzere suyenda?

Chipatala chaching'ono chidakonzedwa kuti chizitumikira anthu pafupifupi 10,000. Zambiri zidapitirira kalekale chiwerengerochi, ndipo zina za m'matauni zimatumikira anthu oposa 100,000. Tiwerengere limodzi. Ngati pabwera odwala 150 ndipo wowaona ndi mmodzi kwa maola asanu ndi atatu osapuma, aliyense agawiridwa mphindi zitatu zokha. M'mphindi zitatuzo muli kufunsa, kuyeza, kulemba m'kabuku ndi kufotokoza kamwedwe ka mankhwala.

Munthu yemweyo ndi amene adadzutsidwa usiku pomwe adabwera nawo wovulala pangozi ya kabaza. Ndi yemweyo amene azamba amamuitana mayi akataya magazi ambiri pochira. Mukaona watuluka mothamanga n'kusowa kwa ola lathunthu, nthawi zambiri amakhala kuti ali m'chipinda china kulimbana ndi moyo wa munthu. Kuyeza malungo ndi kachipangizo kobaya pachala nakonso kumafuna mphindi 15 mpaka 20 kuti zotsatira zioneke. Lolemba ndiye tsiku lovuta kwambiri chifukwa limasonkhanitsa onse amene adadwala Loweruka ndi Lamulungu, ndipo miyezi ya Januwale mpaka Epulo malungo amachulukitsa odwala.

Sindikufuna kudziyeretsa. Alipo ena mwa ife amene amafika mochedwa, ena amalankhula mwaukali, ndipo nthawi zina misonkhano imatitenga tonse n'kusiya chipatala chili ndi munthu mmodzi. Zimenezi n'zolakwika, ndipo pali njira yodandaulira imene nditchule kumapetoku.

Wodwala kwambiri ndiye woyamba

Kuchigayo, amene wafika koyamba ndiye amayamba kugayitsa. Kuchipatala sizitero. Lamulo lathu n'lakuti wodwala kwambiri ayambe kuthandizidwa, ngakhale atafika pomaliza.

Njira yosankhira ana odwala imeneyi imatchedwa ETAT, ndipo mizu yake ili kuno kwathu. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, gawo la ana pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Pulofesa Elizabeth Molyneux, lidasintha kalandiridwe ka ana kuti odwalitsitsa azizindikiridwa pakhomo pomwe. Imfa za ana ogonekedwa zidatsika kuchoka pa ana 10 mpaka 18 mwa 100 alionse kufika pa 6 mpaka 8. Mu 2005 bungwe la WHO lidatulutsa maphunziro a ETAT kuti mayiko ena atengerepo.

Mwa njirayi ana amaikidwa m'magulu atatu. Gulu loyamba ndi la ofunika thandizo pompopompo. Lachiwiri ndi la ofunika kuonedwa msanga, patsogolo pa anzawo. Lachitatu ndi la amene angathe kudikira popanda choopsa. Zipatala zina zimagwiritsa ntchito mitundu ya maloboti a pamsewu: kufiira, chikasu ndi kubiriwira. Vuto n'lakuti wosankhayo sapezeka pamzere nthawi zonse, ndipo mwana wofunditsidwa nsalu kumsana saoneka. N'chifukwa chake maso oyamba ndi anu. Paja akuluakulu adati wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko.

Zizindikiro zimene siziyenera kudikira

Musakhale pabenchi ngati mwana akukomoka kapena wakomokapo m'matenda omwewa, akulephera kuyamwa kapena kumwa, akusanza chilichonse chimene wadya, walefuka kapena sakudzuka mukamamugwedeza. Chimodzimodzi ngati akubanika, nthiti zikulowa m'kati popuma, milomo yada, khosi lauma, m'manja mwayera mbee, mapazi onse awiri atupa, kapena akutsegula m'mimba mpaka maso alowa. Mwana wopsa ndi moto kapena womwa mankhwala oopsa nayenso sadikira.

Phunzirani kuwerenga kapumidwe. Mwana ali phee, muvuleni malaya, yang'anani pachifuwa ndipo werengani kwa mphindi imodzi yathunthu pa wotchi ya foni. Khanda losakwana miyezi iwiri likafika maulendo 60, mwana wa miyezi iwiri mpaka 11 akafika 50, kapena wa chaka chimodzi mpaka zaka zisanu akafika 40, ndiye kuti akupuma mothamanga ndipo chikhoza kukhala chibayo. Dziwaninso kuti khanda lililonse losakwana miyezi iwiri likadwala, kaya latentha thupi kaya lazizira, liyenera kuonedwa msanga chifukwa matenda amalifooketsa m'maola ochepa.

Kwa mayi woyembekezera, zoopsa ndi kutaya magazi, mutu waukulu wobwera ndi chizungulire kapena kuona zinthu mwachimbuuzi, kukomoka, kusweka kwa nsupa nthawi isanakwane, ndi mwana kusiya kugunda m'mimba. Kwa akuluakulu, kufa ziwalo mbali imodzi, kupindika pakamwa, kupweteka kwambiri pachifuwa, kulumidwa ndi njoka kapena galu. Wogwiriridwa afike msanga chifukwa mankhwala oteteza ku kachilombo ka HIV amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72.

Mukaona chimodzi mwa izi, pitani kwa wachipatala aliyense amene mwamuona, kaya ndi namwino, mlangizi wa zaumoyo, wolemba mayina kapena mlonda. Tchulani chizindikirocho. Kunena kuti "mwana wadwala kwambiri" sikuthandiza chifukwa aliyense pamzerepo akunena zomwezo. Nenani kuti "mwana wakomoka kawiri" kapena "sanayamwe kuyambira usiku". Ngati sanakumveni, gogodani pachitseko cha adokotala. Ndipo inu amene muli pamzere, mnzanu akadutsa ndi mwana wotere musamukuwize. Mawa akhoza kukhala wanu.

Makomo ena alipo

Si matenda onse ofunika kukafola pachipatala. Kuyambira mu 2008, alangizi a zaumoyo m'madera akutali akhala akuyendetsa zipatala za m'mudzi zothandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu. Amayeza malungo n'kupereka LA, amapereka mankhwala a chibayo, komanso ORS ndi zinki kwa otsegula m'mimba. Akaona chizindikiro choopsa amalemba kalata yokutumizani kuchipatala, ndipo kalatayo muionetse mukangofika. Dziwani kumene mlangizi wanu amakhala ndi masiku amene amatsegula, mwana asanadwale.

Palinso Chipatala Cha Pa Foni, chimene chidayambira ku Balaka mu 2011 ndipo tsopano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Mukaimba mumalankhula ndi wazaumoyo kwaulere. Sangakuyezeni pafoni, koma angakuuzeni ngati vuto lanu likufunika kuthamangira kuchipatala.

Kumbukirani kuti mwana wotentha thupi ayenera kuyezedwa malungo pasanathe maola 24. Kuopa mzere kusakuchititseni kugula mankhwala kugolosale n'kudikira masiku atatu. Ana ambiri amene timawatumiza kuchipatala chachikulu adayamba ndi matenda amene akadachizika mosavuta tsiku loyamba.

Ngati vuto lanu si lachangu, monga zotupa zapakhungu kapena msana umene wakhala ukupweteka kwa miyezi, pewani Lolemba. Funsaninso masiku a sikelo, kulera, ma ARV, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, chifukwa zipatala zambiri zimapatula masiku ake. Tsiku lobwerera limene lalembedwa m'kabuku mwanu lisungeni.

Konzekerani mphindi zitatu zija

Bwerani ndi kabuku ka kuchipatala ka wodwalayo, osati kobwereka. M'menemo ndi m'mene timaona kulemera kwa mwana, katemera ndi mankhwala amene adalandirapo. Muli pamzere, konzani mayankho a mafunso anayi: chavuta n'chiyani, chidayamba liti, wamwapo chiyani, ndipo akudya ndi kukodza bwanji. Musabise mankhwala achikuda kapena ogula, bweretsani ndi mapaketi omwe. Mwana abwere ndi munthu amene wakhala akumusamalira, osati mchemwali wake wongotumidwa.

Musanatuluke funsani zinthu zitatu: matenda ake ndi ati, mankhwala amwe bwanji, ndipo mukaona chiyani mubwerenso msanga. Safunsa adadya phula. LA, mwachitsanzo, amamwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, ndipo ayenera kumalizidwa ngakhale thupi litazizira tsiku lachiwiri.

Ena akatopa amalunjika kuchipatala chachikulu, ku Queen Elizabeth, Kamuzu, Zomba kapena Mzuzu. Zipatala zinayizi zidakonzedwera matenda ovuta otumizidwa ndi kalata, ndipo wopita yekha ndi vuto laling'ono akhoza kubwezedwa atawononga kale ndalama zoyendera. Koma ngati mwabwera kawiri kapena katatu ndi vuto lomwelo popanda kusintha, nenani momveka ndipo funsani ngati sipakufunika kalata yopita kuchipatala chaboma.

Mukalakwiridwa, ndi mawu kwa odzipereka

Thandizo m'zipatala zaboma ndi laulere. Palibe woyenera kukulipiritsani kuti mudumphe mzere. Zipatala za mishoni za CHAM zimalipiritsa, koma zina zili pamgwirizano ndi boma wothandiza amayi oyembekezera ndi ana kwaulere, choncho funsani. Mukanyozedwa, mukabwezedwa osaonedwa kapena mukapeza chipatala chotseka nthawi yantchito, kauzeni woyang'anira chipatalacho, komiti ya chipatala imene muli anthu a m'dera lanu, kapena Hospital Ombudsman. Tchulani tsiku, nthawi ndi chimene chidachitika. Dandaulo lotere limalondoleka kusiyana ndi kungolalata panja.

Inu odzipereka a zaumoyo m'midzi, ntchito yanu ingafupikitse mzere kuposa mmene mukuganizira. Phunzitsani mabanja zizindikiro zoopsa ndi kawerengedwe ka kapumidwe. Thandizani mudzi kukonzeratu njinga kapena thumba la ndalama zoyendera usiku. Amene mumathandizira pachipatala, yendani pamzere m'mawa ndi masana omwe, pemphani amayi avundukule ana, ndipo yang'anitsitsani mwana amene ali chete. Wolira mokweza nthawi zambiri mphamvu akadali nazo.

Mayi uja adabweranso patapita milungu iwiri kudzaonetsa mwana wake. Ali pabenchi adaona mnzake atafukata khanda lolefuka. Adamugwira dzanja, kudutsa naye mzere wonse, n'kugogoda pachitseko changa. Palibe amene adadandaula.